Kalongonda Sapsa M'mphindi 15

Usiku wina mayi anandipeza pakhonde ndikumwetulira ndekhandekha, foni ili m'manja, mahedifoni ali m'makutu. Anaima kaye n'kumandiyang'ana, kenako anandigwira paphewa.

"Kodi ndi mtsikana ameneyo?"

"Ayi mayi, ndikuonera anthu akuphika."

"Akuphika ndiye akugawira?"

Ndinaseka, koma yankho ndinalibe. Kunena zoona, palibe anandigawirapo. Zakudya zambiri zimene ndaziona pa TV sindinazilawepo, ndipo zina sindidziwa n'komwe kuti zimanunkhira bwanji. Kuno kwa Nazombe, m'munsi mwa phiri la Michesi, ndiwo zathu ndi nandolo, chigwada, nkhwani, ndi matemba a ku Chilwa tsiku limene m'thumba muli kanthu. Komabe ndimagula bandulo ya usiku n'kukhala maso mpaka tambala woyamba kuti ndidawunilode mapulogalamu ophika. Anzanga amadawuniloda zigoli za Arsenal ndi nyimbo za amapiano. Ine ndimadawuniloda mzungu akudula anyezi. Ndiye lero ndati ndiyese kuyankha funso la mayi lija, ngakhale mochedwa.

Matendawa ndinawatenga mu 2016, chaka changa choyamba ku Chanco. Pa holide sindinabwere kumudzi, ndinapita kwa atsibweni ku Chilomoni. Iwo anali ndi DStv. M'mawa onse ankachoka, akuluakulu kuntchito, ana kusukulu, ine n'kutsala ndi rimoti ndi galu. Lachiwiri masana mpira kulibe, ndiye ndinkangosinthasintha matchanelo mpaka ndinagwera pa mzungu wina wa tsitsi losapesa, akulankhula mothamanga ngati kondakitala wa minibasi ya ku Limbe, uku akung'amba masamba ndi manja. Anali Jamie Oliver. Ndinati ndione pang'ono chabe. Pamene ana ankabwera kusukulu anandipeza ndili pomwepo, madzi osamba nditawaiwala pamoto.

Pambuyo pake ndinafufuza mbiri yake. Anakulira m'khitchini ya malo odyera ndi omwera a makolo ake, The Cricketers, m'mudzi wa Clavering ku Essex, ku England. Kusukulu kuwerenga kunkamuvuta chifukwa cha dyslexia, ndipo iye mwini sabisa. Pulogalamu yake yoyamba, The Naked Chef, inayamba pa BBC mu 1999, chaka chomwe ife kuno tinkaona TVM koyamba. Dzinalo lisakupusitseni, munthuyo ankaphika atavala bwinobwino. Chimene ankavula ndi chakudyacho: kuchotsa zokongoletsa za m'mahotela kuti patsale zimene munthu wamba angathe kunyumba kwake. Imene ine ndinakumana nayo inali ya mu 2012, yolonjeza kuti chakudya chonse chipsa m'mphindi 15.

Chimene chinandikoka kwa Jamie ndi manja ake. Sayeza. Mchere amatapa ndi zala, mafuta amathira kuchokera m'botolo osayang'ana, akalawa n'kumva kuti china chaperewera amanena pompo n'kukonza. Ndi mmene amaphikira mayi anga. Kusiyana kwake kunali kumodzi: uyu anali mwamuna, ndipo palibe ankamuthamangitsa.

Pajatu ine ndinathamangitsidwapo. Ndili ndi zaka 9 ndinkakonda kukhala pafupi ndi mafuwa anganga akamaphika. Tsiku lina ndinagwira mthiko kuti ndiwathandize kuvundula phala. Anandilanda n'kundiloza nawo. "Choka apa iwe! Ufuna ukakalowa ukamwini uzikalimbirana mthiko ndi apongozi ako?" Achemwali anga onse anafa nako kuseka. Kuyambira tsiku limenelo khitchini ndinkailambalala ngati manda.

Ndiye kuona bambo wamkulu, wa ana ake, akuthamangathamanga ndi poto, dziko lonse likumuombera m'manja, kunandimasula penapake. Nditabwerera ku Zomba, m'kachipinda kathu ka lendi ku Chikanda, ndinayamba kuphika pa hotipuleti. Zinali zomwe zija za ana asukulu: soya pisi, kabichi, mazira mwezi ukangoyamba. Koma ndinali nditaphunzira tinthu tiwiri titatu. Anyezi usamufulumize, mudikire afewe asanapserere. Mchere uzithira pang'onopang'ono uku ukulawa. Kabichi akapsa mufinyire ndimu. Anyamata a zipinda zoyandikana anayamba kumabwera ndi mbale zawo 7 koloko ikakwana, n'kundipatsa dzina loti Shefu. Dzinalo ndinkalinyadira kuposa magiredi anga.

Ku Chikanda komweko n'kumene ndinadziwira Gordon Ramsay. Uyu ndiye tinkamuonera pagulu, pa laputopu ya mnzathu, ngati mpira. Mu Hell's Kitchen, imene yakhala ikuonetsedwa ku America kuyambira mu 2005, Ramsay amakalipa mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka, amataya mbale yonse ya chakudya m'bini, amatulutsa munthu wandevu zake m'khitchini ngati mwana. Ife tinkagubuduka ndi kuseka. Nsima ya munthu ikachita mibulu, tinkamuzungulira n'kumukalipira m'Chingerezi cha Ramsay.

Kuseka kunatha nditamaliza sukulu mu 2021. Ndinayenda ndi envulopu ya khaki m'maofesi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe mpaka nsapato kutha chidendene. Pa intavyu ina, bwana wina anatenga kalata yanga yofunsira ntchito n'kuyamba kuiwerenga mokweza, akuima pa liwu lililonse limene silinamusangalatse, anzake awiri akuseka. Ndinatuluka ndikumwetulira, pakuti ukamafuna ntchito umamwetulira. Usiku womwewo ndinatsegula Hell's Kitchen kuti ndiiwale, koma maso anga anakana kukhala pa Ramsay. Anapita pa mnyamata wogwira poto uja, amene ankangovomera chilichonse misozi ili lengelenge. Ndinatseka.

Komabe Ramsay sindinamutaye, chifukwa cha kanema mmodzi. Mu 2012, pa mpikisano wa MasterChef wa ku America, panali mayi wina wosaona, Christine Hà, wa ku Houston, makolo ake ochokera ku Vietnam. Opikisana anauzidwa kuti aphike payi ya maapozi, chinthu chimene munthu amadziwa kuti chapsa poona mtundu wake. Iye anabweretsa yake akukhulupirira kuti yaonongeka. Ramsay yemwe uja, wokalipa uja, anayamba kumufotokozera mmene payiyo ikuonekera, kenako anatenga mpeni n'kukanda pamwamba pake kuti mayiyo amve ndi makutu kuti yauma bwino. Mayiyo analira. Mapeto ake mpikisano wonse anapambana ndi iyeyo. Kanemayu ndamuonera kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndimaona chinthu chimodzi: munthu wodziwa ntchito yake akubwereketsa mnzake maso.

Wachitatu, amene ndimamukonda kuposa onse, ndi Siba Mtongana wa ku South Africa. Anakulira ku Mdantsane, pafupi ndi East London, anagwirapo ntchito yolemba za zakudya m'magazini ya Drum, ndipo mu 2013 pulogalamu yake ya Siba's Table inayamba pa Food Network. Siba sathamanga ngati Jamie, sakalipa ngati Ramsay. Amaphika modekha ku Cape Town, akuseka, akukamba za kwawo kumene anakulira, ndipo kumapeto mwamuna wake Brian kapena anzawo amabwera kudzadya. Chimene chinandigwira mtima n'choti amaika pap, nsima yawo ija, patebulo limodzi ndi zakudya za ku Ulaya popanda kupepesa. Ife amene tinapita ku yunivesite kuchokera kumudzi tikukudziwa kupepesa kumeneko. Ndinakhala zaka zonse za ku Zomba osatchulapo kuti kwathu timadya kalongonda, poopa nthabwala za Alomwe zimene aliyense amazidziwa.

Siba yemweyo ndiye anandigwetsa m'mavuto, ngakhale mlandu si wake. Ali ndi chakudya china chimene amachitcha papizza: pitsa yoti pansi pake m'malo mwa buledi pali nsima. Nditaiona ndinati eya, apa ndiye pathu. Ufa tili nawo.

Vuto linali pa mawu oti tili nawo. Munali mu 2024. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'mapiri, Phalombe n'kulira maliro pa maliro, makamaka anansi athu a kwa Nkhulambe. Ife tinapulumuka, koma theka la munda wathu linasanduka mchenga. Chaka chotsatira mvula inadula chimanga chili pafupi kumasula, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya chilala. Ine ndinali nditabwerera kumudzi, ndikuphunzitsa pa kasukulu kena ka pulaiveti komwe malipiro amabwera akafuna okha. Ufa m'nyumba mwathu tinkayeza ndi kapu.

Tsiku lina nditalandira kandalama ndinatsikira pa Chiringa n'kugula tomato, anyezi, mazira awiri ndi kamafuta ka m'kapulasitiki. Mayi anali kuganyu. Ndinati ndiwadabwitse. Ndinaphika nsima yolimba, n'kuiyala m'felempani, pamwamba n'kuikapo tomato wokazinga ndi mazira. Uvuni tilibe, ndiye ndinachita mmene timachitira ndi chigumu: moto pansi, makala pamwamba pa chivundikiro. Pansi panapserera mpaka kuda bii. Pakati panasanduka phala. Pamwamba panagwera phulusa.

Mayi atafika anayang'ana felempani, n'kuyang'ana m'ndowa ya ufa. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Ufa wa mawa ndi umenewu?"

Unali womwewo. Anatenga supuni n'kuyamba kupala mbali zimene zinali zodyeka, n'kugawira adzukulu awo awiri, ana a achemwali. Zopserera anaziika m'mbale yawo. Ndinati mayi zimenezo musadye. Anandiyang'ana n'kunena modekha, "Anthu ako a m'foniwo akalakwitsa amataya. Ife tikalakwitsa timadya."

Ndinakhala miyezi iwiri osatsegula pulogalamu yophika iliyonse. M'miyezi imeneyo ndinayamba kuona zimene kamera sionetsa. Mphindi 15 za Jamie zimayamba madzi atawira kale m'ketulo ya magetsi, mapoto atatentha, wina atapita kale kumsika ndi ndalama zoti sizitha. Kuno mphindi 15 zimathera pa kupemerera nkhuni zonyowa. Ndinakumbukiranso kuti mu 2019 malo odyera ambiri a Jamie ku Britain anatsekedwa chifukwa cha ngongole, anthu pafupifupi 1,000 ntchito n'kuwathera. Nayenso mphika unamupsererapo, kungoti zopserera zake anadya ndi ena, ndipo pa TV sitinaone. Koma kuganiza zonsezi sikunandichotse manyazi. Ndinali munthu wa digiri woseweretsa ufa chaka cha njala, ndipo mudzi wonse unamva.

Amene ananditulutsa m'manyazimo ndi anganga, omwe aja a mthiko. Pano akalamba, maso achita ng'ala, amangoona zithunzithunzi. M'mphepete mwa munda wawo amadzala kalongonda chaka chilichonse, ndipo chaka chimenecho, chimanga chitauma, kalongonda anabereka ngati za chilala sanazimve. Koma kumuphika kumafuna nkhuni zambiri, madzi ambiri, ndi munthu wa mphamvu zotula mphika waukulu pamoto kangapo. Achemwali aakulu ali ku Migowi ndi amuna awo, ena anali atapita kuganyu ku Mozambique. M'mawa wina dzuwa lisanatuluke ndinamva akuitana kuchokera kuseri kwa nyumba yawo.

"Iwe wokonda mapoto, tabwera kuno."

Kwa inu amene simunamuonepo, kalongonda ndi nyemba zikuluzikulu, zolimba ngati miyala. A sayansi amamutcha Mucuna pruriens, ndipo mkati mwake muli mankhwala otchedwa L-dopa, omwe madokotala amapatsa odwala matenda onjenjemera a Parkinson. Ukamudya wosapsa bwino umachita chizungulire, umasanza, ena mutu umasokonekera. N'chifukwa chake amaphikidwa tsiku lonse. Umawiritsa mpaka makoko afewe, n'kusenda nyemba imodziimodzi, kutsuka, kubwezera pamoto, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Madzi oyamba amatuluka akuda. Anganga dzina la L-dopa salidziwa. Amangoti ululu wake umapita ndi madziwo, ndiye ukawataye kutali ndi ana ndi nkhuku.

Iwo anakhala pamphasa, ine n'kukhala manja awo ndi maso awo. Ndikataya madzi ankafunsa, "Akuoneka bwanji?"

"Akuda, anganga."

"Akuda ngati chiyani? Ngati makala kapena ngati tiyi wopanda mkaka?"

"Ngati makala."

"Thira ena. Sonkhezera."

Anyamata awiri amene ndinaphunzira nawo pulaimale anadutsa panjira ndi njinga zawo za kabaza. Atandiona nditagwada ndikusenda nyemba anakuwa, "Aphunzitsi, chitenje chili kuti?" Ndisanatsegule pakamwa anganga anali atayankha kale, osatembenuka n'komwe: "Madzulo musabwere ndi mbale." Anyamata aja anapalasa mwakachetechete.

Dzuwa lili pamutu ndinati tsopano madzi ali ngati tiyi. Anati ndiwapatse nyemba imodzi. Anaifinya pakati pa zala, anainunkhiza, anaikhudzitsa kunsonga kwa lilime n'kulavula. "Sanathe." Kuwira kwa mphika ankakumva ndi makutu, moto ukachepa ankadziwa ine ndisanaone. Pamenepo ndinakumbukira Ramsay ndi mpeni wake uja, kungoti apa wosaona ndiye anali mphunzitsi, wobwereketsa maso n'kukhala mwana wa sukulu.

Ndipo ankalankhula tsiku lonse, ngati anthu a pa TV aja. Chilichonse ankanena chifukwa chake: chifukwa chimene mchere umadikira mpaka madzi omaliza, chifukwa chimene mphika wa kalongonda sausiyira mwana, chifukwa chimene sulawa ndi njala. Anandiuza za agogo awo amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, monga anachitira Alomwe ambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ena n'kukathera m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Anati kalongonda ndiye ankawasunga chaka chimene china chilichonse chakana. Ndinawauza kuti masiku ano anthu amamuona mu Okutobala pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, atamuika m'mbale zokongola, akuluakulu akujambulitsa naye. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ukawafunse ngati akudziwa kuti madzi amatayidwa kangati."

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa chifukwa chimene anandithamangitsira pamafuwa ndili mwana. Ndinkayembekeza kuti mwina apepesa, kapena andiuza za mwambo. Iwo anangoti, "Nthawi imeneyo pakhomo pano panali atsikana asanu. Lero pali ndani?" Basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Mpaka pano sindidziwa ngati ndikhumudwe kapena ndiseke.

Penapake m'mawa ndinali nditatsamiritsa foni pamtondo kuti ndijambule. Anafunsa kuti aonere ndani. Ndinati anthu. Anakonza duku n'kukhala tsonga. Batire linatha patangopita mphindi 40, tisanataye n'komwe madzi oyamba, ndipo theka la kanemayo ndi utsi ndi ine ndikutsokomola. Pa Facebook sindinamuike. Koma ndinamusunga m'foni ndi pa memore khadi ina imene ili m'Baibulo la mayi, chifukwa mawu a anganga alimo.

Kalongonda anapsa dzuwa likulowa. Anathira mchere, analawa, n'kukhala chete kanthawi. Kenako anandipakulira m'kambale ine poyamba, ana asanalandire. Anali wofewa, wokhutitsa, wonunkhira utsi. Tinadya nyumba zitatu masiku awiri, ndowa ya ufa ya mayi n'kupumako.

Ndiye tibwerere ku funso la mayi lija. Ayi, chakudya sagawira. Chimene ndimatsata kwa Jamie, kwa Siba, ngakhale kwa Ramsay pa tsiku lake labwino, n'choti amakulola kuima pafupi ndi mphika n'kumakuuza chimene akuchita ndi chifukwa chake, osakufunsa ngati ndiwe mwamuna kapena mkazi, kaya ntchito ija unaipeza. Kwa munthu amene wakhala zaka akumva mawu oti tidzakuimbirani, zimenezo si zazing'ono. Ndinapita kukazifuna ku London ndi ku Cape Town ndi bandulo ya usiku, pamene kuseri kwa nyumba yathu kunali munthu wodziwa kusandutsa nyemba yaululu kukhala chakudya cha nyumba zitatu. Kanema wa Jamie ndikhoza kumubwereza chaka chamawa. Anganga sindikudziwa kuti atsala ndi nyengo zingati za kalongonda, ndiye mphika wotsatira ndawauza kale kuti ndidzaphika ndine, iwo azidzangofunsa mtundu wa madzi.

Pano ndinayambiranso kuonera. Ndimaphikanso, koma ndi ufa wogula ndekha, ndipo ndimayamba ndafunsa. Nthawi zina mayi amakhala nane pakhonde, hedifoni imodzi kwa iwo, ina kwa ine. Chingerezi samva kwenikweni, koma manja a munthu wophika amawamva. Siba amamukonda, akuti ndi mkazi waukhondo. Ramsay akuti ali ndi BP, apite kuchipatala. Sabata yatha tinaonera Jamie akuthamanga ndi mphindi 15 zake zija. Anayang'anitsitsa mpaka kumapeto, n'kundibwezera hedifoni.

"Mnyamatayu kuphika amatha, koma phuma. Umuuze abwere kuno anganga ako amupatse kalongonda, tione ngati aziyang'anabe wotchi."